Za Anyamata Athu Ofuna Kuyendetsa Malole

Mafumu olemekezeka, ndi inu nonse abale a Bungwe:

Tisanakomane pa msonkhano ukudzawu, tifuna kuika pamaso panu nkhani imodzi, kuti muyambe kuilingalira muli kwanu. Anyamata athu ambiri amene ali ndi laisensi ya galimoto yaing'ono afunitsa kukwera, kuti aziyendetsa malole akuru. Ife sitiwatsutsa iai. Dziko la Malawi liribe doko pa nyanja yamcere, ndipo mafuta, fetereza ndi katundu wina wambiri afika kuno pa mseu, kucokera ku Beira kudzera pa Mwanza, ndi ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Nchitoyi ndi yaulemu, ndipo idyetsa mabanja. Cimene tikana ndi ici: kuyesa kuti iye wodziwa galimoto yaing'ono wadziwa kale lole.

Boma linasiyanitsa malaisensi monga mwa kulemera kwa galimoto. Laisensi ya B ilekeza pa makilogalamu 3,500. Ya C1 ifika pa 16,000. Ya C ndi ya magalimoto olemera koposa apo. Ndipo ya EC ndiyo ya malole akuru okoka ngolo. Ena ati makwerero awa ndi njira yodyera ndalama za amphawi. Tibvomereza kuti mtengo wa sukulu zophunzitsa kuyendetsa uli wowawa, ndi kuti mnyamata wa kumudzi abvutika kupeza lole yophunzirira. Komatu kusiyanitsako kuli ndi cifukwa cace.

Taganizani lole yosenza matumba 600 a fetereza, ndiwo matani 30, iri kutsika phiri la Chiweta. Wozolowera galimoto yaing'ono akhulupirira phazi lace, naponda buleki kosaleka. Mabulekiwo atentha, naleka kugwira. Wophunzira bwino alowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ithandize kugwira katunduyo. Adziwanso kuti mabuleki a lole yotere agwira ndi mpweya, ndipo sanyamuka mpweyawo usanadzale. Pokhota, mawilo a ngolo satsata m'mene apita mawilo a kutsogolo, koma adula cam'kati, pomwe paima mai wogulitsa tomato kapena mwana wa pa njinga. Izi munthu sazidziwa pongomva, koma pokhala masiku ambiri pambali pa mphunzitsi. Paja akuru anati, ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Cifukwa cace tidandaula pakumva za makolo ogulitsa mbuzi ndi cimanga kuti apatse madobadoba, amene alonjeza laisensi popanda mayeso. Pepala lotero likhoza kunyenga wolemba nchito, koma phiri silinyengeka. Ndipo lole ikagubuduzikira pa msika wa m'mbali mwa mseu, uthenga wa maliro ufika kwa inu mafumu. Ndinu mupereka malo kumanda, ndinunso mutsala ndi amasiye.

Tsono tipempha kuti pa msonkhano tikakambe mitu itatu iyi:

1. Kuti mafumu alangize makolo m'midzi yao kuti asagulire ana laisensi, koma awatumize kukaphunzira ndi kuyesedwa.

2. Kuti Bungwe lisonkhe thumba lobwereketsa anyamata a makhalidwe abwino ndalama za sukulu yobvomerezeka ndi Boma, iwo nadzabweza atalowa nchito.

3. Kuti tilembe kalata yaulemu ku Boma, yopempha kuti oyesa mayeso a malole azifika kawirikawiri ku maboma akutali, kuti wosauka asathere cuma cace pa ulendo ndi pogona m'mzinda.

Amene muli ndi ana oyendetsa malole, muyambe mwawafunsa za mau awa, kuti ngati talakwa pena mudzatikonze pamaso pa onse.

Ndife anu pa nchito ya Bungwe,
Mlembi.