Mwala wonyezimira, nsomba zakufa

Anthu amene amaweta nsomba m'mathanki agalasi ali ndi lamulo limodzi lomwe saliphwanya: mwala uliwonse, ngakhale ukongole bwanji, suponyedwa m'madzi usanadziwike kuti ndi mwala wanji. Amene amasunga nsomba za m'nyanja yamchere ndiwo amasamala kwambiri, chifukwa kamkuwa kochepa chabe kakasungunukira m'thanki kamapha nkhono, nkhanu ndi tizamoyo tina tofewa, kenako n'kuwononga makha a nsomba mpaka zimalephera kupuma. Mwala wobiriwira wa malachite, womwe amaupeza ku Copperbelt ndi ku Katanga, ndi wokongola kwambiri, koma uli ndi mkuwa wambiri. Galena wonyezimira ngati siliva uja ndi mtovu. Pyrite, yemwe amapusitsa ofuna golide, akakumana ndi mpweya ndi madzi amatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo zina zimene zinali zitagona m'miyala.

Si miyala yonse yoipa ayi. Mwala wa laimu umatuwira thovu ukaudonthezera viniga, ndipo oweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi amaukonda chifukwa umachepetsa asidi m'madzi. Nkhani yagona pa kuudziwa mwala usanaupatse madzi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno kwa Mphuka mathanki agalasi si ambiri, koma thanki yathu ilipo. Ndi Zambezi ndi Luangwa, pomwe ikumanirana ku Feira. M'menemo ndimo timapeza pende ndi mcheni, ndimo amayi amatunga madzi, ndipo madzi omwewo amamwa anzathu a ku Zumbo ndi ku Kanyemba asanatsikire ku Cahora Bassa. Ngati munthu wa mumzinda amaopa kamwala kamodzi m'thanki lake, ife tiyenera kuopa kwambiri mulu wa miyala ya mgodi pamwamba pa mitsinje yathu.

Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi anathamangira mu Mwambashi, n'kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Boma linachita kutumiza ndege kukathira laimu mumtsinje. Kafue ameneyu amathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, kumtunda kwathu. Ku Kabwe nako, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi la miyala yomwe inasiyidwa.

N'chifukwa chake nkhani ya mgodi wa mkuwa wa Kangaluwi, mkati mwa Lower Zambezi National Park, siyenera kuiwalika. Bungwe la ZEMA linaukana mu 2012, nduna inauloleza mu 2014, milandu inayenda m'makhoti kwa zaka zambiri, ndipo mu 2023 ZEMA inafafaniza chilolezocho. Mkuwa uja ukadali pansi pomwepo, ndipo amene amaufuna sadzasiya kubwera.

Tikudziwa chimene achinyamata athu amanena, ndipo sitikuwatsutsa. Ntchito kuno n'zosowa, mvula ndi yochepa, njovu zimadya chimanga usiku umodzi wokha. Munthu wanjala ukamuuza za mgodi amaona malipiro, saona asidi. Koma mgodi umakhala zaka zowerengeka, pamene mulu wa miyala yake umatsala ndipo mvula iliyonse imausambitsira kumtsinje. Ogwira ntchito pamgodi amakhala ochepa, odya nsomba ndi tonse.

Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, aliyense wobwera ndi nkhani ya mgodi m'boma la Luangwa afotokoze pamsonkhano wa anthu, pamaso pa Mfumu Mphuka ndi Mfumu Mburuma, komwe miyala yotsala ndi madzi akuda zizikathera, ndiponso amene adzalipire damu likadzagumuka. Chachiwiri, madzi a mitsinje yathu azipimidwa kawirikawiri, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi m'chinenero chimene agogo kumudzi angamve, osati kungosungidwa m'maofesi ku Lusaka. Chachitatu ndi chathu ife eni. Amene mukukumba maiwe a nsomba, musamangire m'mbali mwake ndi miyala yobiriwira, yabuluu kapena yonyezimira ngati golide, ngakhale ipezeke yaulere. Amene mukusefa golide m'timitsinje, dziwani kuti mekyule amene mumagwiritsa ntchito amalowa m'nsomba, ndipo nsombazo amadya ndi ana anu omwe.

Woweta nsomba m'galasi akalakwitsa mwala, amataya madzi n'kuthira ena. Zambezi sitingamukhuthule. Tiyeni tifunse mafunso athu miyala isanafike kumadzi.