Makina Tagula, Nanga Owerenga Ali Kuti?

Mu mzinda wa Seattle, ku Amereka, muli malo ofufuzirako matenda a khansa otchedwa Fred Hutchinson Cancer Center, amene anatsegulidwa mu 1975. Ndipo ngakhale kuti mbiri yake inawanda chifukwa cha akuluakulu onga E. Donnall Thomas, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1990 kaamba ka luso loika mafuta a m'mafupa a munthu wina m'thupi la wodwala, ine lero ndifuna kuwatama pa chinthu chimene ambiri amachiyesa chachabe. Eni malowa anapatula anthu oti aziphunzitsa madokotala, ofufuza ndi ophunzira kusunga ndi kusanthula ziwerengero pa kompyuta, ndi mapulogalamu a R ndi Python, kotero kuti wothedwa nzeru ali nako kokafunsa, ndipo maphunziro ambiri anawaika pa intaneti kuti aliyense atenge kwaulere.

Alipo ena, anthu olemekezeka ndithu, amene amati ndalama ya khansa igule mankhwala ndi makina, ndi kuti dokotala asiyire manambala eni ake. Sindiwadabwa, pakuti pakhoma la nyumba yatsopano pamakhomedwa dzina la wopereka mphatso, pamene pa kalasi ya anthu ophunzira R sipabwera nduna kudzadula riboni. Koma mawu awowo ndiwakana kwa mtuwagalu.

Taonani ukulu wa katunduyo. Ntchito ya The Cancer Genome Atlas, imene inayamba mu 2006, inasonkhanitsa zotupa za odwala oposa 11,000 a mitundu 33 ya khansa, ndipo DNA ya munthu mmodzi yekha ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Kodi akatswiri owerengeka angasenze bwanji denga lotere okha, pamene wolemba zoyamba m'ndandanda sadziwa kumene zolemba zakezo zidzathera?

Amene akukayikabe akumbukire zimene zinachitika pa yunivesite ya Duke. Mu 2006 Anil Potti ndi anzake analengeza kuti apeza njira yodziwira mankhwala oyenera wodwala aliyense pongoyang'ana ma gene a chotupa chake, ndipo dziko la madokotala linaomba m'manja, odwala enieni nayamba kupatsidwa mankhwala potsata njirayo. Koma anthu awiri odziwa ziwerengero a ku MD Anderson Cancer Center ku Houston, Keith Baggerly ndi Kevin Coombes, atakhala pansi ndi kubwereza masamuwo mzere ndi mzere, anapeza kuti mndandanda wa ma gene unatsetsereka ndi mzere umodzi, dzina lililonse n'kukhala pa nambala ya linzake, ndiponso kuti pena zizindikiro zinatembenuzidwa, zotupa zokana mankhwala n'kulembedwa ngati zomvera mankhwala. Inde, pambuyo pake boma la Amereka linapeza kuti panalinso chinyengo, ndipo sindinena kuti kalasi ichiritsa mtima wabodza. Chimene ndinena n'chakuti bodzalo linayenda zaka zingapo pakati pa anthu ophunzira kwambiri, chifukwa ochepa okha mwa iwo ndiwo anali okhoza kutsegula mafailo ndi kuona ndi maso awo. Kuyesa njirayo pa odwala kunathetsedwa mu 2010. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Apa amene anadya phulalo ndi odwala, amene sanalakwe kanthu.

Ndipo zina sizifuna ngakhale munthu wachinyengo. Panali gene yotchedwa SEPT2, inanso MARCH1. Munthu akalemba mayinawa mu Excel osachenjera, pulogalamuyo imawasandutsa masiku a mwezi, 2-Sep ndi 1-Mar, osanena kanthu. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza cholakwa chimenechi m'pepala limodzi pa asanu alionse okhala ndi mindandanda yotere, pamene kuchipewa n'chinthu chimene mphunzitsi angasonyeze masana amodzi. Nanga anzeru a dziko anatani? Mu 2020 komiti yotcha ma gene mayina inangosintha mayinawo, MARCH1 n'kukhala MARCHF1, ngati kuti kusintha dzina n'kwapafupi kusiyana ndi kuphunzitsa anthu. Ofufuza atawerenganso mu 2021 mapepala a zaka zapitazo, anapeza cholakwacho m'mapepala pafupifupi 31 pa 100 alionse okhala ndi mindandanda yotere.