Mayeso a Sitandade 8 amayambira pa mkeka wa kunyumba

Chaka chilichonse MANEB ikatulutsa zotsatira za mayeso a PSLCE, timaloza chala aphunzitsi a Sitandade 8. Komatu nthawi zambiri mwana wolephera amakhala kuti anatsalira kale ali mu Sitandade 3 kapena 4, pomwe ankangotchula mawu osamva tanthauzo lake.

Kupatula pepala la Chichewa, mafunso amabwera m'Chingerezi. Kwa ana ambiri a ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja, omwe kunyumba amayankhula Chiyao, chimenechi ndi chiyankhulo chachitatu. Mwana akhoza kudziwa masamu, koma ngati funso sanalimve, yankho limasochera.

Mu 2016 boma linakhazikitsa National Reading Programme pofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziwerenga bwino. Bungwe la USAID, lomwe linkathandiza ndi mabuku komanso kusula aphunzitsi, linatsekedwa mu 2025. Choncho gawo lathu ngati makolo lakula.

Ntchitoyi sifuna ndalama. Mwana akaweruka ku madrasa, kusanade, tikhale naye awerenge mokweza ndime imodzi, kenako atifotokozere m'Chiyao kapena m'Chichewa zomwe wamva. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga likhoza kufunsa kuti: wachita ndani, wachita chiyani, chifukwa chiyani? Mwana akamakanika kuyankha, tikaonane ndi mphunzitsi wake teremu yomweyo, tisadikire Sitandade 8.

Tikumbukirenso kuti mwana amene wachezera pa nyanja kusodza usipa, m'mawa m'kalasi amangosinza.