KAZITAPE WOPANDA NKHOPE

Abale ndi alongo a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika, tamverani! Kale kapirikoni tinali kumdziwa: anali kukhala nafe pa mowa, nachera khutu. Wa lero alibe nkhope. Dzina lace ndi spyware, kapulogramu kolowa m'kompyuta mwakabisira. Kamaona zonse zimene mulemba, ngakhale nambala yacinsinsi ya ku banki, ndi kuzitumiza kwa mbuye wace kutali.

Musayese kuti ndi za ku Ulaya zokha. Mu 2018 a Citizen Lab a ku Toronto anachula Zambia pakati pa maiko 45 kumene anapeza zizindikiro za Pegasus, kazitape wa m'mafoni wopangidwa ndi NSO Group ya ku Israel. Koma ameneyo asaka akuluakulu. Ife anchito atikola ndi nyambo yochipa: Windows yakuba, filimu yaulere, ndi flashi yoyenda m'manja khumi. Ndarama za mwezi wathunthu zithere filimu imodzi? Iai!

Ena a ife tikali pa Windows 7, imene a Microsoft analeka kuikonza mu Januwale 2020. Imeneyo ndi nyumba yopanda citseko. Tiicotse. Pa Windows yatsopano tilole ma update, tisazime Microsoft Defender, ndipo flashi iri yonse iyambe yapimidwa. Za ku banki tisacitire pa kompyuta ya m'kafe. Mukakaika, dulani intaneti msanga, ndipo mapasiwedi mukasinthire pa makina ena.