Tileke kugulitsa jombo zabodza kwa abale athu a m'minda ya tiyi

Anzathu a geni ndi madalaivala, tiuzane zoona. Tikamaoda jombo zotchipa ku Johannesburg n'kukanamiza anthu ku Hauna kapena ku Chipinge kuti ndi zoteteza mapazi, tikupweteka abale athu omwe. Ena mwa iwo makolo awo anachokera kwathu ku Malawi.

Ku Honde Valley mvula ndi yambiri, minda ili m'mapiri, matope ndi oterera. Wothyola tiyi ku Aberfoyle akufunika jombo za mphira za mazino akuya kunsi. Wa mufakitale ya Tanganda, ngakhalenso dalaivala wopakira katundu, akufunika za chitsulo kutsogolo. Zenizeni zimalembedwa ISO 20345, ndipo zimateteza zala ngakhale katundu wa makilogalamu 20 atagwa kuchokera mita imodzi m'mwamba.

Ena akuti makasitomala amafuna zotchipa. Zotchipa ziti? Soli ikamatuka mwezi umodzi, munthu agulanso. Chala chikaphwanyika, ntchito yaima, ana agona ndi njala.

Pooda tengani maginito. Akati ndi chitsulo, maginito agwire. Pindani soli muone ngati sikuyasama. Jombo ikalephera, isiyeni pomwepo, phindu lake ndi la magazi.