Ana akamatiseka, tisathamangire sasipenshoni

Aphunzitsi anzanga, nkhani ya lero ena mwa inu ikuwawani, koma ndiyankhula basi. Pasukulu ina kuno ku Salima, anyamata anayi a fomu folo abwezedwa kwawo masabata awiri. Mlandu wake? Pa chisangalalo cha Loweruka anavala majekete obwereka, n'kudzitcha gulu la oimba nyimbo zachikondi ngati aja a pa TV, akugwira pamtima ndi kugwada monyanyira, kenaka mmodzi n'kutsanzira kayendedwe ka ahedi. Holo yonse inafa ndi phwete. Lolemba makalata anatuluka, mayeso a MSCE ali pakhomo.

Akuti n'zachizungu, n'kupanda mwambo. Zachizungu ziti? Beni amene timavina m'mbali mwa nyanja muno dzina lake linachokera ku mawu achingerezi otanthauza gulu loimba la asilikali. Anayambira kugombe la Kenya cha m'ma 1890, ndipo anafala kuno ndi asilikali a King's African Rifles nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Agogo athu ankavala mayunifomu ndi nyota zabodza, n'kumaguba monyada pamaso pa atsamunda omwewo. Mganda ndi malipenga n'chimodzimodzi: kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, lipenga la chikho, wina n'kukhala kingi, wina dokotala. Nanga Simoni wa gule wamkulu, wankhope yofiira uja, amatsanzira ndani? UNESCO inalemekeza gule ameneyu mu 2005. Tsiku la chikhalidwe timaombera m'manja zonsezi, koma mwana wathu akachita zomwezo ndi jekete la kaunjika, ati ndi wamwano.

Ndipo enafe tinakula tikuseka Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi. Palibe amene anasanduka chigawenga chifukwa cha iwo.

Onani anzathu a ku Sweden, dziko la ABBA, kumene nyimbo ndi malonda aakulu. Mu 2025 anasankha KAJ, anyamata atatu anthabwala ochokera ku Finland oyankhula Chiswidishi, kukaimira dziko lawo pa mpikisano wa Eurovision ku Basel. Nyimbo yake yonena za kusamba m'kanyumba ka nthunzi! Anakhala nambala 4. Kumeneko wanthabwala amamupatsa mbendera, ife kuno tikumupatsa khasu akakumbe dzenje la zinyalala.

Malire alipo, sindikukana. Mwana wotonza mnzake wachibwibwi kapena wachialubino ndimulanga ndekha, chifukwa kumeneko n'kupondereza wofooka. Koma ahedi ndi ofooka? Ine ndikudziwa kuti ana amanditsanzira mmene ndimakankhira magalasi pamphuno (inu amene munadutsa m'manja mwanga, musanamizire kuiwala). Kuti mwana atsanzire bwino ayenera kumvetsera, kuloweza mawu, kudziwa poima ndi poyambira. Si zomwe timalira tsiku ndi tsiku kuti akulephera mu Chichewa ndi Literature?

Asodzi a pa Mbenji ali ndi malamulo okhwima: chilumba chimatsekedwa nyengo ya mvula, mowa ndi juga n'zoletsedwa. Amamvera chifukwa aliyense amaona chimene lamulo likuteteza, utaka. Tsono sasipenshoni iyi ikuteteza chiyani, kupatula nkhope ya munthu mmodzi? Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Komiti ya chilango ikhalenso pansi, anyamatawo abwerere m'kalasi sabata ino, ndipo chisangalalo chikubwerachi muwapatse mphindi khumi. Ine ndidzakhala pa benchi yakutsogolo.