CIPUPA COPYAPYALA NDI MDANI WA ANA ATHU

Ife a ku Lupaso, m'mzinda wa Mzuzu, tiri ndi mlandu ndi amisiri omanga nyumba, ndi eni nyumba za lendi, ndiponso ndi ife tokha. Ndipo tifuna kuunena poyera cisanu cisanabwerenso.

Dziko lathu lino liri pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, m'mphepete mwa mapiri a Viphya. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera uomba, nkhungu igona m'madambo, mvula yamawawa inyowetsa zipupa, ndipo usiku kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10. Mzuzu unayamba ndi munda wa mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, nukhala mzinda m'caka ca 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu ace anapitirira 220,000. Tacuruka msanga, tamanganso msanga, monga anthu oiwala kuti kuno nkozizira.

Taonani nyumba imene tiitama masiku ano. Cipupa cace nca njerwa imodzi yogoneka m'litali, kucindikala kwace mainchesi 4 ndi theka okha. Pamwamba pali malata opanda siling'i. Kunja penti wowala ndi mpanda wautali. Wapanjira ati, Uyu wamanga! Koma cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pakati pa usiku madzi adontha ku malata, mwana atsokomola, ndipo amace adzuka kukasonkha makala.

Cifukwa cace ncosabisika. Kutentha kuli ngati madzi a mu mtsuko wong'aluka: kufuna njira yoturukira kunka kozizira. Citsulo cikupititsa msanga, njerwa yopyapyala sikucedwetsa, ndipo cipupa conyowa citaya kutentha koposa couma. Cimene cicinga kutentha ndico mpweya wokhala duu, wotsekeredwa m'timipata. Ndico cifukwa cace bulangete lifunditsa, ndi nkhuku itukumula nthenga zace pa cisanu. Makolo athu sanawerenge izi m'buku. Koma denga lao la udzu wocindikala linali lodzala ndi timipata totere, ndi cipupa cao ca dothi cinasunga kutentha kwa dzuwa usana ndi kukubweza usiku.

Ena adzati, Kodi mufuna tibwerere ku udzu? Iai. Malata ngabwino: sapsya ndi moto, ndipo safuna kufolera caka ndi caka. Tidzudzula malata osafunditsa ndi cipupa cosacindikala. A ku Britain, kumene cisanu ciposa cathu, anazolowera kumanga zipupa ziwiri zotsatana, nasiya mpata pakati. Ndipo kuyambira zaka za m'ma 1970 adzaza mpatawo ndi zocinga kutentha. Ife tinatengera njerwa ndi malata, koma nzeru ya mpatawo tinaisiya.

Ena adzati, Ndalama zicepa. Tidziwa, pakuti nafenso tigula simenti pa mtengo womwewo. Koma werengani njerwa ziri mu mpanda wanu, ndi matumba a makala mutentha caka ciri conse. Cibayo cidza ndi tizirombo, inde. Koma cinyezi, kuzizira ndi utsi zifoketsa cifuwa ca mwana, kuti nthendayo imgwire msanga. Wopulumutsa ndalama pa cipupa adzazilipira pa ulendo wa ku cipatala.

Coopsya koposa ndico ici: nyumba yozizira iitana mbaula. Makala oyaka m'cipinda cotseka aturutsa mpweya wakupha, umene ophunzira aucha carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka ndi maso. Munthu ayamba kumva mutu ndi cizungulire, nagona tulo tosadzukanso. Mwini nyumba amene apereka kwa mlendi cipinda cozizira ngati phanga, nalandira ndalama zace mwezi ndi mwezi, asanene kuti m'manja mwace mulibe kanthu.

M'caka ca 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za Boma ndi zamalonda, kuti mitengo isathe, ndipo mabuloko a simenti acuruka. Lamulolo nlabwino ku nkhalango. Koma tisanyengedwe kuti buloko lifunditsa nyumba pa lokha, pakuti simenti nayo ipititsa kutentha.

Nanga ticite ciani? Coyamba, ikani siling'i, ngakhale ya mphasa, bango kapena nsungwi, kuti pakati pa inu ndi malata pakhale mpweya wokhala duu. Caciwiri, cipupa coyang'ana kum'mwera ndi kum'mawa, kumene mphepo icokera, cikhale ca mainchesi 9, kapena ca mizere iwiri ndi mpata pakati. Cacitatu, ngati nyumba inamangidwa kale, imateni m'kati ndi dothi losakaniza ndi udzu woduladula, ndi kutseka mipata ya pakati pa cipupa ndi denga. Cacinai, denga liturukire kunja ndithu, kuti mawawa asanyowetse cipupa. Cacisanu, mazenera akuru ayang'ane kumpoto, pakuti m'nyengo ya cisanu dzuwa liyenda cakumpoto. Ndipo mutatseka mipata yonse, mbaula itsale panja, cifukwa m'nyumba yotsekeka bwino makala apha msanga koposa.

Tipempha akuru a mipingo ndi mafumu kuti anene mau awa pa misonkhano, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu amene muumba njerwa caka cino, mmisiri akafika ndi cingwe cace, musayambe kumfunsa za penti. Mumfunse kuti, Kodi mwana wanga adzagona bwanji m'nyumba iyi pa Julayi?